Tsiku Limene Ndinaimirira pa Nkhafi ya Bashi Chola

Ana anga, mwandifunsa kangapo za zidutswa ziwiri za mtengo zimene ndinakoleka pamwamba pa chitseko. Chaka chatha Tiyanjane anazitsitsa kuti akolezere mbaula, ndipo ndinamukalipira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Iye anangoti, "Atate, nanga si nkhuni izi?" Sanalakwe, chifukwa sindinamuuzepo. Tsono ndati ndilembe, poti polankhula ndimasochera. Za ubwana wanga ku Chadiza ndidumpha. Munazimva kambirimbiri, ndipo amayi anu akuti ng'ombe zimene ndinkaweta zija zimachuluka chaka ndi chaka.

1974, Kitwe

Ndinabwera ku Kitwe kudzafuna ntchito ya kumgodi monga anyamata ambiri a kwathu. Kumgodiko anandikweza pa sikelo. Kalaliki anayang'ana sikelo, nayang'ana ine, kenaka anafunsa ngati miyendo yonse iwiri ndaikapo. Anandibweza. Ndinali woonda ngati bango. Malume anga, amene ndinkagona kwawo ku Bulangililo, ndiwo anandipezera ntchito yosesa utuchi pa kampani ina yopala matabwa. Kampaniyo inkapanga zitseko, mafelemu a mawindo ndi madesiki a sukulu, koma kuseri kwake, pansi pa shedi ya malata, kunali ntchito ina yosema nkhafi zopalasira bwato. Zina zinali za mitu iwiri, za azungu amene ankapikisana ndi timabwato tawo topyapyala totchedwa kayaki ku damu Loweruka ndi Lamlungu. Zambiri zinali za asodzi ndi za anthu owolotsa anzawo pa mtsinje wa Kafue. Mwini kampani, mzungu amene tinkamutcha Chipewa chifukwa palibe anaonapo pamutu pake, sankalowerera za kushediko. Ankati kumeneko kuli boma lina.

Boma limenelo linali Bashi Chola, ndiko kuti atate ake a Chola. Kwawo kunali kumadambo a ku Bangweulu, ndipo anali munthu wamkulu thupi kotero kuti akaima pakhomo m'shedi munkada. Tinkalankhulana Chibemba, changa chili chopunduka, koma pano ndilemba m'chinenero chathu. Tsiku loyamba kusesa kwawo anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mwaiche, ndiwe wa kuti?" Mwaiche ndiko kuti mwana.

"Ku Chadiza, mukwai," ndinayankha mwaulemu wa Chibemba.

"Wodya mbewa. Unakwerapo bwato?"

"Iyayi."

"Nanga kusambira?"

"M'beseni mokha."

"Ndiwe amene ndimafuna," anatero. "Munthu woopa madzi sasema nkhafi yamasewera."

Mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwa chimbuya, popanda wokwiya. Ndinalimba mtima n'kuwauza kuti mbewa ili bwino kusiyana ndi pusi amene amadya iwowo. Anaseka mpaka anakhala pansi pa chipika, ndipo m'mawa mwake anauza Chipewa kuti tsache alipatse wina.

Sukulu ndinalekera Giredi Foo, koma njala ya kuwerenga sinandichoke. Ndinkawongola manyuzipepala amene ankakulungira misomali n'kumawerenga nkhani zopanda mutu ndi mchira. Tsiku lina ndinatola buku lopanda chikuto limene Chipewa anataya, lonena za mabwato, ndipo ndinalimbana nalo miyezi inayi mothandizidwa ndi dikishonale yakale imene ndinagula pa msika wa Chisokone. Nditalimaliza ndinadziona kuti ndine injiniya. Ndinapita kwa Bashi Chola n'kuyamba kuti, "Buku likuti chikhatho cha nkhafi chizikhala chopyapyala kuposa apa." Iwo anapitiriza kusema, kenaka anafunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Bwana amene analemba bukulo, anakankhapo mvuu ndi nkhafi yake?" Ndinafufuza buku lonse, za mvuu munalibe.

Nkhafi ili ndi chikhatho chimene chimakankha madzi, mpini wogwira, ndi khosi pamene ziwirizi zikumana. Imfa ya nkhafi ili pakhosi. Malamulo a Bashi Chola sanali ambiri. Mtengo, makamaka mukwa umene kwathu timati mlombwa, sucheka ndi sowo koma umang'ambidwa, chifukwa pong'amba umatsata mitsempha yake wokha ndipo mitsemphayo imayenda yosaduka kuchokera kumpini mpaka kuchikhatho. Mwini nkhafi ankaima chilili wopanda nsapato, iwo n'kumuyeza ndi bango kuchokera pansi kufika pachibwano. Ndipo nkhafi ikatha, tisanaipake mafuta, tinkaigoneka pa zipika ziwiri zimene tinkazitcha mitsamiro, woisema n'kuvula nsapato, kuimirira pakhosi paja ndi kudzigwedeza katatu. Ikapirira, ndiye ankadula chizindikiro chake kumpini. Cha Bashi Chola chinali timizere titatu ngati nthiti za nsomba. Koma woimirira anali woisema yekhayo. Kuponda nkhafi ya mnzako, iwo ankati, kuli ngati kuvundukula mphika wa mkazi wa mwini kuti ulawe mchere. Ine ndinadumphirapo kamodzi pa nkhafi yawo mwachibwana, ndipo anandibwezera ku tsache mwezi wathunthu osandilankhula.

Nkhafi yanga yoyamba ndinaimirirapo mu 1977. Sinalire n'komwe, ndipo ndinayamba kumwetulira. Bashi Chola anapukusa mutu. "Nkhuku ikatera pa nthambi, sindiye kuti nthambiyo ndi yolimba." Anakatenga thumba la misomali n'kundisenzetsa. Ndinaimirira ndi thumba langa ngati mayi wopita kuchigayo, nkhafi n'kupirira ndithu. Kumpini ndinadula chilembo L, cha dzina langa Lazaro, kuti dziko lonse lidziwe kuti wosema uyu amawerenga.

1980 mpaka 1985, Ndola

Kampani inatsegula nthambi ku Ndola ndipo ananditumiza kumeneko kukapanga madesiki. Zaka zimenezo nkhafi sindinaseme, koma ndinapeza amayi anu, amene ankagulitsa zitumbuwa pageti ndipo ankandibwezera nyuzipepala yokulungira itawongoledwa kale, ataona kuti ndimawerenga ndisanadye. Bwana wa kumeneko anali munthu wabwino koma wokonda misonkhano, moti desiki imodzi tinkaikambirana nthawi yaitali kuposa yoipanga. Chimene ndinapindula kwambiri ku Ndola ndi thupi. Amayi anu anagwira ntchito imene a kumgodi akanaiyamikira. Chipewa atagulitsa kampani n'kubwerera kwawo, mwini watsopano, a Sikazwe, anandiitana ku Kitwe kuti ndikhale kapitawo wa shopu yonse, ndi shedi yomwe. Ndinkaopa kuti Bashi Chola amva bwanji kulamulidwa ndi mwana amene anamuphunzitsa kugwira kasemasema. Nditalowa anandizungulira kawiri n'kunena kuti, "Mbewa za ku Ndola ndi zazikulu ngati mbuzi kapena?" Kenaka anandisunthira malo pabenchi. Sanasiye kunditcha mwaiche, ngakhale pamaso pa a Sikazwe.

1987 ndi 1988

Zaka zimenezi zinthu zinasowa, monga akuuzirani amayi anu za mizere ya sopo ndi mafuta ophikira. Kwa ife kunasowa sandipepa, ndipo tinkasalaza nkhafi ndi magalasi a mabotolo osweka. Vanishi atatha tinkapaka phula la njuchi losungunula. Azungu a makayaki anali atachepa, koma a pa Kafue sanasiye kubwera, chifukwa anthu ambiri a m'makomboni anayamba kulima kutsidya kuti apeze chakudya. Vuto lalikulu linali mitengo. Lole imene inkatibweretsera zipika inakhala pa njerwa kusowa matayala, ndipo a Sikazwe anayamba kugula matabwa ocheka kale. Sindikuwaimba mlandu, panalibe china. Koma thabwa locheka ndi losiyana ndi mtengo wong'amba. Sowo sasamala za mitsempha, amangodula mowongoka. M'thabwa limodzi mukhoza kutuluka nkhafi yabwino kapena yakupha, malinga ndi mmene waigonekera, ndipo zimenezi zimafuna maso. Pa mtengo wong'amba manja okha akwana.

Nthawi yomweyo Bana Chola, akazi a Bashi Chola, anamwalira. Mdala anayamba kudya pang'ono, buluku n'kumamanga ndi chingwe. Maso awonso anayamba kuchita chifunga. Sananene, koma ndinkaona akufufuza pensulo ndi manja pamene ili poyera. Kusema kwawo kunali kokongola monga kale, mwinanso kuposa, pakuti manja sanaiwale kanthu. Ankagoneka nkhafi pa mitsamiro, kuimirira, kudzigwedeza katatu, nkhafi n'kukhala chete, iwo n'kudula timizere tawo titatu.

Tsiku lina ndikupaka phula ndinaona kuti pakhosi pa nkhafi yawo ina mitsempha yadutsa chopingasa. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Itakwana wani koloko, onse atapita kukadya, ndinaigoneka pa mitsamiro n'kuvula nsapato. Ndinkadzimva ngati ndikuba m'tchalitchi. Sindinafike n'kudzigwedeza komwe. Inathyoka ngati nzimbe. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti munthu amene ankadetsa shedi akaima pakhomo tsopano anali wopepuka ngati ine wa pa sikelo ya kumgodi.

Chimene ndinachita sindinyada nacho. Zidutswa ndinazibisa pa mulu wa zotsala zimene amayi ankatola kukasonkhera moto. Ndinasema nkhafi ina yofanana nayo, n'kudulapo timizere titatu, n'kuiika pamalo pake. Kuyambira pamenepo ndinasiya kudya masana. Nkhafi iliyonse ya mdala ndinkaimirirapo mobisa. Zina zinkapirira, zina ayi, ndipo zothyokazo ndinkazisemanso pa lanchi ndi Loweruka masana. Amayi anu anasangalala kuti mimba yayamba kubwerera. Ndinkadziuza kuti ndikuchita chifundo, ndipo ndinachita zimenezi pafupifupi chaka.

February 1989

Atate anga anamwalira pakati pa dzinja ndipo ndinakhala ku Chadiza milungu iwiri. Za kushedi sindinaziganize n'kamodzi komwe. Lolemba limene ndinabwerera, Bashi Chola anali atapita kuchipatala kukatenga mankhwala a m'maso. Cha m'ma naini kunalowa a Kunda, bambo amene ankawolotsa anthu pa Kafue kumunsi kwa Bulangililo. Sanapereke moni. Anaika pabenchi zidutswa ziwiri, zomwe zili pamwamba pa chitsekozo, n'kuloza timizere titatu.

"Zaka twente ndagula kwa mdala," anatero. "Iyi ndinatenga Lachitatu. Lachisanu yathyoka pakati pa mtsinje, madzi atadzaza. Ndinali ndi anthu seveni."

Ndinafunsa ngati pali amene anamira.

"Mulungu analipo. Madzi anatitenga mpaka pa bango la kumunsi, ndinagwira nthambi ndi manja awa." Anandionetsa zikhatho zosupuka. "Mayi wina sanalankhule mpaka lero."

Ndinaona pa shelefu kuti mdala anasema nkhafi zinayi ine kulibe. Zitatu zinalipo. Ndinatenga yanga ya L kuti ndiwapatse a Kunda, koma anakana kuilandira. "Mubwere nayo nokha kumtsinje Loweruka, ba kapitawo. Mudzaone kumene zimapita zinthu zanu."

A Sikazwe atamva anandiitana mu ofesi. Iwo anali ndi njira yofewa. "Timuuze kuti maoda achepa, shedi tikuichepetsa. Apite mwaulemu, asadziwe kanthu. Ndi wamkulu uja, inu a Banda musamuchititse manyazi." Ndinapempha kuti andipatse mlungu umodzi. Nkhafi zitatu zija ndinazitsekera m'sitolo, n'kuuza mdala kuti phula latha.

Loweruka ndinapita kumtsinje. Panali patapita zaka zoposa khumi chisemereni nkhafi yanga yoyamba, koma phazi langa linali lisanapondepo m'bwato. Ndinapereka nkhafi ndili pamtunda n'kutsanzika, koma a Kunda anati, "Lowani. Imeneyi tiiyesa muli momwemo." Amayi amene ankadikira ndi makasu awo anayamba kuseka. Wina anati, "Mukhale pakati, atate, mungatipendeketse." Ndinakhala pansi penipeni, m'madzi amene anali m'bwatomo, nditagwira mbali zonse ziwiri. Ndinafuna kutsinzina koma manyazi anandiletsa. Patsogolo panga panali mayi wobereka khanda, ndipo khandalo linkandiyang'ana ulendo wonse, kadzanja kake katagwira mpini wa khasu la amake. Madzi anali ofiira, akuthamanga ndi zinyalala. Tili pakati ndinamva nkhafi ikulira pang'ono pakhosi a Kunda akamakankha, kulira kumene ndinkakumva pa mitsamiro tsiku ndi tsiku osadziwa kuti kumtsinje kumamveka chotani. Tinafika kutsidya. A Kunda anati, "Yabwino iyi. Tiyeni tibwerere." Ndinali nditaiwala kuti pali kubwerera.

Lamlungu, titachoka kopemphera, ndinawauza amayi anu zonse tikupalira mu kadimba ka kuseri. Ndinkayembekeza kuti anditamanda chifukwa cha chaka chonse chosadya masana. Iwo anaweramuka, nagwira m'chiuno.

"Ndiye inu mumati mukusunga ndani?"

"Mdala. Mtima wake."

"Mtima wake kapena nkhope yanu? Mumaopa kuti akubwezerani ku tsache."

Ndinati sakumvetsa mwambo wa kushedi. Iwo anati mwambo wa kushedi saudziwadi, koma akudziwa kuti munthu amene anakuphunzitsa ntchito sunganamize kawiri, koyamba pomubisira, kachiwiri pomuchotsa ndi bodza la maoda. "Mabuku onse aja mwawerenga, palibe limene linanena zimenezi?" Linalipo, ndipo tinali titangochoka kolimva.

Lolemba ndinalawirira. Bashi Chola ankafika seveni isanakwane, ena onse asanabwere. Ndinatulutsa nkhafi zitatu zija m'sitolo, n'kuika m'manja mwawo zidutswa za a Kunda. Anazisisita, napeza timizere tawo, nayendetsa chala pothyokapo. Ndinawauza za anthu seveni ndi za bango la kumunsi. Ndiye ndinanena mawu amene ndinali nditawayeseza njira yonse kuchokera ku Bulangililo.

"Bashi Chola, ndikupempha kuimirira pa nkhafi zanu."

Anayendetsanso chala pothyokapo. Kenaka anati, "Vula nsapato."

Anagoneka okha yoyamba pa mitsamiro. Ndinakwera. Inathyoka. Yachiwiri inapirira, ndinadzigwedeza katatu, ndipo ndinaona milomo yawo ikuwerenga nane. Yachitatu inathyoka ndisanaike phazi lachiwiri. Ndinaima pamenepo wopanda nsapato, bambo wa ana atatu, kapitawo wa shopu yonse, misozi ikutsika. Ndinayamba kuulula za chaka chonse chija, koma anakweza dzanja.

"Mwaiche, anapita ndi maso, makutu alipo. Umayesa ndimakadya kutali? Ndimakhala kuseri kwa malata awa. Nkhafi ikathyoka ndimamva." Kenaka anawonjezera kuti, "Ndipo timizere tako n'tozama kwambiri. Umadula ngati ukulemba kalata."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Ndimati bola mwana ali kumbuyo kwanga, ndisemebe pang'ono. Kunyumba kulibe munthu. Ndikasiya kasemasema ndikhala ndikuyang'ana khoma, khomalonso sindiliona." Anatembenuza chidutswa chija m'manja. "Utapita kumaliro ndinalikumbuka thumba la misomali. Lili pomwe paja. Ndinaligwira ndithu. Koma ndinati, ine Bashi Chola, kusenza misomali anyamata akuona? Ndinalisiya. Usalire wekha. Tinali akuba awiri, wina kuba masana, wina kumvetsera."

Anapempha kuti ndiwaperekeze kwa a Kunda. Tinapita tsiku lomwelo, ndipo munthu wamkulu uja anagwada pamchenga n'kuomba m'manja. A Kunda anawadzutsa msanga, nawonso maso ali ofiira. Kwa a Sikazwe analowa okha, nanena kuti akupita kwawo mvula ikatha, osati chifukwa maoda achepa. A Sikazwe anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana denga.

April 1989

Kutatsala milungu iwiri kuti anyamuke, anandiuza kuti ndikwere pa benchi ndipapase pamwamba pa mitanda ya denga. Ndinapezako chibanthu cha mukwa wong'amba, chakuda ndi fumbi, chouma bwino. Anati anachisunga kuyambira masiku a Chipewa. "Kwathu munthu wopanda nkhafi ndi mlendo. Yanga yakale yanditalikira. Undisemere."

Anavula nsapato naima chilili, ine n'kutenga bango. Ndinayeza kuchokera pansi kufika pachibwano, ndipo nditafanizira ndi nkhafi yawo yakale panatsala zala zinayi. Ndinafuna kuwonjezera pang'ono kuti asadziwe. Iwo anagwira bango pamene panali chala changa.

"Wayambanso?"

Ndinadula pomwe panali chibwano.

Ndinaisema masiku asanu, iwo atakhala pa chipika pafupi, akumvetsera kasemasema ndi kundinyoza. "Apo walumitsa. Odya mbewa inu mumasema ngati mukukumba una." Itatha ndinaigoneka pa mitsamiro n'kuimirira, ndipo iwo anaika dzanja pansi pa khosi kuti amve mmene ikupindikira. Ndinadzigwedeza katatu. Anati ndiwonjeze kachinayi chifukwa cha ulendo wautali. Kenaka ndinawapatsa mpeni kuti adule timizere tawo, poti nkhafi ndi yawo ndipo mtengo ndi wawo. Anandibwezera. "Anasema ndani? Dula chako." Ndinadula L wanga. Anayendetsapo chala chachikulu kangapo, nati, "Zaka zonsezi umandivutitsa ndi mabuku. Chilembo chimodzi ichi ndachiphunzira."

Tinawaperekeza ndi amayi anu kokwerera mabasi. Kondakitala anafuna kuponya nkhafi pamwamba pamodzi ndi matumba ndi njinga, koma mdala anakana, nati ngati nkhafi ikwera padenga iwonso akwera padenga. Anthu anaseka, kondakitala n'kugonja. Anakhala pawindo ataiimika pakati pa miyendo, chikhatho chili m'mwamba. Basi ikunyamuka sanandione pamene ndinaima, anangokweza dzanja kulozera kumene kunkachokera mawu anga.

Anakhala zaka zina zinayi. Chola, mwana wawo, anandilembera kalata atamwalira. Anati atate ake ankapalasa okha m'timifuleni ta pafupi ndi mudzi, timene anatidziwa ali mwana, osafuna wowatsogolera, ndipo munthu akawafunsa za nkhafi yawo ankati inasemedwa ndi wodya mbewa wina wosadziwa kusambira. Kalatayo ili m'kati mwa dikishonale yanga yakale ija, mukaifuna.

2013 mpaka lero

Ndinapuma ntchito mu 2013. Pofika nthawiyo kampani inali itasiya za nkhafi, koma ine ndimasemabe imodziimodzi pansi pa mango kuseri kuno, chifukwa pa Kafue anthu akuwolokabe. Kuyambira tsiku lija ndinasintha lamulo limodzi lokha la Bashi Chola. Aliyense amene ndinagwira naye ntchito ankaimirira pa nkhafi yake, kenaka n'kuitana mnzake wolemera kuposa iye kuti aimirirepo poyera. Ambiri ankaitana ine, ndipo ndinganene mosadzitama kuti pa ntchito imeneyo ndinalibe wopikisana naye.

Tsopano ndanena za zidutswa zija, ndinene chimene ndalembera zonsezi. Mwezi watha ndinafufuza magalasi anga nyumba yonse ali pamphuno. Zimenezo n'zoseketsa. Koma ndaonanso kuti m'bale wanu Mabvuto akabwera Loweruka amazungulira kuseri n'kumatembenuza nkhafi zanga poyesa kuti ndagona, ndipo ina imene ndinasiya pa mitsamiro sindinaipezenso. Anati mwina yabedwa. Mwana wanga, mbala yoba nkhafi imodzi n'kusesa utuchi pomwe inali sindinaionepo. Lamba wanganso ndaboola bowo lina latsopano, amayi anu akudziwa.

Sindikukwiya. Ndikudziwa kumene munatengera khalidwe limeneli. Koma iwe Mabvuto, Loweruka likudzali ubwere m'mawa, ine ndili maso, ndipo alongo ako akhalepo. Pali nkhafi ziwiri zimene ndamaliza. Ndidzazigoneka ndekha pa mitsamiro. Iwe udzangovula nsapato.